Magazi a Mumgolo

"Ndiye mwati anena chiyani anthu a ku yunivesitewo?" anafunsa a Mwanabibi, manja ali m'chiuno, maso ali pa mgolo wabuluu umene amuna awo anali atangoutsitsa pa njinga.

"Ndanena kale. Muzithira madzi pamwambapa, muzitunga pa kampopi ka pansika. Basi."

"Basi? Chichokereni m'mamawa muja mpaka dzuwa kufika paliwombo, anthu n'kumangonena zomwezo? Bambo a Shakila, musandiyese mwana."

Che Uladi anavula kofiya n'kudzipukuta nayo thukuta. Mgolowo unali wolemera zedi, ndipo njira yonse yochokera pabwalo la sukulu anaukankha okha. Ankayembekezera kapu ya madzi ndi mawu oti pepani, osati mafunso ngati a kupolisi.

Nkhani yake inali ya mjigo wa m'mudzimo. Anthu a ku yunivesite atayeza madzi ake anapezamo poizoni wochokera ku thovu lozimitsira moto. Kampani ina yomwe inkasunga mafuta kumtunda kwa dambo inkayeserera kuzimitsa moto ndi thovulo, kenaka n'kulikokolorera m'dambo momwemo. Kampaniyo inasamuka kalekale, koma zake inazisiya pansi. Poizoniyo alibe fungo, alibe mtundu, saola, ndipo ngakhale uwiritse madziwo mpaka nkhuni kutha, ali momwemo. Ndiye anabweretsa migolo yosefera, banja lililonse wake, n'kuitana mitu ya mabanja kuti ikamve kagwiritsidwe ntchito kake. Mitu ya mabanja! Amene anapita anali amuna okhaokha, atavala mikanjo yositasita, anthu oti mukawafunsa kuti ndowa imadzaza ukapopa kangati angokuyang'anani.

"Nanga chikulemera chonchi n'chiyani?" a Mwanabibi anayesa kuusuntha mgolowo ndi bondo.

"Muli mchenga, makala ndi ufa wachitsulo. Chitsulocho ndiye choyeretsa madzi."

"Chitsulo kuyeretsa madzi? Chimayeretsa bwanji?"

"Aaa, zimenezo ndi za sukulu. Inu ingothirani."

"Mwaona tsono! Madzi ndimatunga ndine, kuphikira ndine, kumwetsa anthu pakhomo pano ndine, koma kukamva za madzi mukapite ndinu. Ndinakuuzani m'mawa kuti tipitire limodzi, mwati ayi, kumeneko kuli amuna. Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Anaitana mitu ya mabanja, mayi a Shakila. Sindine ndinalemba malamulowo."

"Mutu? Mutu wa kuti? Pano ndi pa amayi anga. Mutu wa pano ndi achimwene a Sulemani, kungoti ali ku Namwera kufodya. Inu munabwera pano ndi kachikwama kamodzi ndi mkeka wopempherera. Mkamwini asamakule mwendo."

Mawu amenewo analasa pachilonda. Zaka zonsezi Che Uladi anamanga nyumba ya malata pamudzipo, anakumba chimbudzi, anaika maliro a apongozi awo, koma pakangobuka kamkangano, kachikwama kaja kankatulukabe. Ndipo taonani tsoka lake: nthawi imeneyo n'kuti mawu enieni ali kale palilime. Mtsikana amene ankawaphunzitsa kusukulu kuja, dzina lake Hidaya, anachita kubwerezabwereza mpaka amuna ena kuyamba kuyasamula. Anati chitsulocho sichipha poizoni, chimangomugwira n'kumusunga. Pakapita masiku mumgolomo mumachita matope ofiira, ndipo matopewo ndiye oipitsitsa, poti poizoni yense wa madzi amene adutsamo waunjikana mmenemo. Musatsekule, musakhudze, musatayire nkhuku. Tidzabwera tokha kudzawatenga.

Che Uladi anawameza mawuwo. Anati mumtima, poti ndine wa kachikwama, zikhale choncho lero, ndiwauza mawa akaphwa ukali. Anavala kofiya yawo n'kutuluka, osamwa ngakhale madzi aja.

Mawa linafika, iwo n'kupita kudoko kukagula usipa woyanika, poti ndiyo inali ntchito yawo, kugula usipa kunyanja n'kukagulitsa ku Chiponde. Mkuja wake anabwera atatopa. Tsiku lina anakumbukira ali pa njinga, pofika pakhomo n'kupeza akazi awo akuseka ndi anzawo, ndiye akanayamba bwanji za matope pamaso pa alendo? Mgolo unkagwira ntchito yake bwinobwino pakhonde la khitchini, chivundikiro chili chomanga. Madzi ankatuluka oyera, kungoti ankamveka kadzimbiri pang'ono. Anaona ngati palibe chofulumirira. Zengerezu analinda kwawukwawu, amatero akuluakulu, koma mwambi umakoma ukamanenera mnzako.

Pakhomopo panali mwana wawo wamkazi, Shakila, mmodzi yekhayo mwa ana awo amene anatsala pamudzi. Anali woyembekezera, mimba yake yoyamba, ndipo inali itakula ndithu. Mwamuna wake, Sadik, anali ku Joni monga anyamata ambiri a kumeneko, ankangomveka pa foni. Shakila anali mtima wa bambo ake. Ali wamng'ono ankakwera pa keliyala ya njinga n'kumawawerengera magalimoto. Koma chiyambireni pathupipo, bambo ndi mwana ankangopatsana moni wa patali. Ndi mmene zimakhalira. Mwamuna wolongosoka sayang'ana mimba ya mwana wake, ndipo za mimbayo safunsa.

Tsiku lina masana Che Uladi ankamata chubu cha njinga kuseri kwa mpanda pamene Shakila ankabwera kuchokera ku sikelo. Anamva akudziponya pa mkeka.

"Akuti bwanji anamwino?" anafunsa mayi ake.

"Akuti magazi ndi ochepa kwambiri, amama. Anditembenuza chikope n'kupukusa mutu. Akuti ndikapanda kusamala, tsiku lobereka zidzavuta."

"Mayo ine! Ndiye akupatsa chiyani?"

"Palibe. Mapiritsi a ayironi aja akuti anatha, galimoto sinabwere. Akuti ndizidya chiwindi ndi masamba."

"Chiwindi tichipeza kuti ife? Kodi ayironi ameneyo amapangidwa ndi chiyani kuti azisowa chonchi?"

"Ayironi ndi Chingerezi, amama. Pa Chichewa ndi chitsulo."

"Chitsulo? Chitsulo chenichenichi?"

Apa Che Uladi anachita manyazi. Mwamuna wamkulu kumamvetsera za magazi a mwana wake kuseri kwa mpanda! Anatsokomola kuti adziwike kuti alipo, anatola chubu chawo n'kukamalizira pansi pa mtengo wa mango kwa aneba. Kumeneko anamupempherera mwana wawo chamumtima, ndipo tsiku lotsatira anabwera ndi kachiwindi ka mbuzi kuchokera kumsika n'kungokasiya pakhomo pa khitchini osanena kanthu. Anali munthu wachikondi Che Uladi, tisawanamizire. Chikondi chawo chinali chopanda pakamwa.

Patapita masiku anaona Shakila atakhala pakhonde m'mawa, ali ndi kapu ya pulasitiki, akumwa zinthu zofiirira atatsinzina, nkhope ataikwinya.

"Kodi akumwa chiyani mwanayu?" anafunsa akazi awo chapansipansi.

"Za akazi izi. Mwayamba liti kulowerera?"

Anabwerera m'mbuyo ngati aponda moto. Anaganiza kuti ndi dothi lija amakonda amayi oyembekezera, la pachulu kapena logula pamsika, mwina alisungunula m'madzi. Anaonanso zala za akazi awo zitafiira m'zikhadabo, naganiza za dothi lomwelo. Sabata inatha, inzake n'kuyamba. Kapu ija inkatuluka m'mawa uliwonse.

Kenaka Shakila anayamba kudandaula m'mimba. Ankasanza, chakudya osachifuna, milomo itauma.

"Mayi a Shakila, mwanayu sakuoneka bwino. Tipite naye kuchipatala."

"Ndabereka ana angati ine? Mankhwala akamagwira ntchito amatero. Musiyeni."

"Koma taonani mmene waondera."

"Inu dziwani za usipa."

Ndipo anadziwadi za usipa. Anakweza matumba awo n'kupita ku Chiponde, mtima uli m'mwamba, koma pakamwa pali chete.

Lachinayi lina m'mawa, njinga yamoto inaima pakhomo. Anali Hidaya uja wa ku yunivesite, atamangirira kumbuyo ndowa ziwiri zotseka. Anali mwana wa ku Mangochi komweko, wovala mpango wake bwinobwino, ndipo anagwada popereka moni. A Sulemani, alongo awo a a Mwanabibi, anali atabwerako ku Namwera, ndipo m'mawa umenewo anali pakhomopo kudzazonda Shakila wodwalayo. Che Uladi anatulutsa mipando.

"Ndabwera kudzasintha za mumgolo," anatero Hidaya. "Zakale ndinyamula, ndiikamo zatsopano."

Anavala magolovesi aatali ofika m'zigongono, n'kumanga kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno. A Mwanabibi anaseka.

"Iii, mwana wanga, kuvala konseko ngati ukukasambitsa maliro? Si mgolo wa madzi uwu?"

Hidaya anagwira chivundikiro kuti alimbane nacho, koma chinangozungulira mosavuta. Anasuzumira mkati. Anakhala chosuzumira nthawi yaitali, ndipo atadzutsa mutu maso ake anali ena.

"Amayi, mgolowu unatsekulidwapo?"

"Eya, ndimatsekula ndine."

"Matope a m'mbali umu apita kuti? Pali dzenje apa, ngati munthu amatapa ndi chipande."

"Ndi supuni," anakonza a Mwanabibi, akumwetulira monyadira. "Musadandaule, sindinamalize, ndimangotapa pang'onopang'ono. Mwana wangayu anamupeza ndi magazi ochepa, mapiritsi a chitsulo kuchipatala kulibe. Ndiye ndinati, Mulungu ndi wamkulu, chitsulo chomwecho chili pakhomo pano, choyeretsa kale, chofiira ngati magazi enieniwo. Ndimamusungunulira m'kapu m'mawa uliwonse."

Che Uladi anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Kapu ija. Zala zofiira zija. Chitsulo chenichenichi? Zonse zinabwera pamodzi, ndipo zinabwera mochedwa.

Hidaya anachotsa kansalu kaja pakamwa. "Amayi, mwati amamwa? Wakhala akumwa kuyambira liti?"

"Masabata angapo tsopano. Bwanji kodi? Mwayamba kundiopsa."

"Amayi, matope amenewa ndiye poizoni mwini wakeyo. Zonse zimene takhala tikuchotsa m'madzi kuti musamwe, zimatsalira mmenemu. Supuni imodzi ya matopewa ikuposa ndowa zambirimbiri za pamjigo."

A Mwanabibi anakhala pansi, padothi penipeni, chitenje chili mbali. Shakila, amene anali atatsamira chitseko, anagwira mimba yake ndi manja onse awiri.

"Koma tinanena," Hidaya anapitiriza. "Kusukulu kuja tinanena, tinabwereza. Pakhomo pano anabwera ndani?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola. A Sulemani anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana alamu awo.

"Alamu, akufunsa."

"Ndinapita ndine," anatero Che Uladi. Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono ngati si awo.

"Za matopezi munazimva?"

"Ndinazimva."

"Ndiye munawauza achemwali angawa?"

"Ndimati ndiwauza mawa."

A Mwanabibi sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino, poti Che Uladi anazolowera kukuwa kwawo. Anangowayang'ana, misozi ikutsika yokha.

"Bambo a Shakila, ndinakufunsani. Pamalo pomwe pano, ndinakufunsani kuti anena chiyani. Munati basi."

"Munandinyoza tsiku lija. Munati ndine wa kachikwama."

"Ndiye kachikwamako mwalipiritsa mwana? Mukanandimenya ine mbama, mukanandisiya ukwati, koma mawuwo n'kundiuza. Ine ndi manja angawa ndakhala ndikumwetsa mwana wanga poizoni, n'kumamuuza kuti limba mtima, meza, usalavule. Ankalira kuti zikuwawa kukhosi, ine n'kumamukalipira." Anayang'ana zikhadabo zawo zofiira zija, n'kuyamba kuzipukuta pa chitenje mwamphamvu ngati zingachoke.

"Inunso achemwali, pakamwa panu mpoyaka," anatero a Sulemani. "Mwamuna mumamuchepetsa pamaso pa ana, mumati zidzabala chiyani? Koma inu alamu, ayi. Mkwiyo wa tsiku limodzi ndimaumva. Nanga masiku enawo? Munamuona mwanayu akumwa?"

"Ndinamuona. Ndinafunsa, anati ndi za akazi."

"Ndiye munangobwerera?"

"Nanga inu mukanapitiriza kufunsa?"

A Sulemani ankadziwa kuti nawonso akanabwerera.

Hidaya anavula magolovesi n'kukagwada pafupi ndi a Mwanabibi. "Amayi, mlanduwu ndi wathunso. Anzanga anati tiitane mitu ya mabanja, ine ndinadziwa kuti kubwera amuna okhaokha, ndine wa konkuno. Ndinaona ndi maso anga kuti pabwalo paja palibe ngakhale mmodzi wosenza ndowa, koma ndinaopa kutsutsa akuluakulu. Pa mgolopa tinalembapo chenjezo, koma m'Chingerezi. Pepani, amayi."

"Pepani sapoletsa chilonda, mwana wanga."

Che Uladi anadzikoka n'kufika pamene panali mtsikanayo. Munthu wa imvi kumugwira mkono mwana wobadwa dzulo, manyazi onse atatha.

"Mwana wanga, inu mumadziwa kuchotsa zimenezi m'madzi. Zichotseninso mwa Shakila. Ngati pali makina ku Blantyre, ndigulitsa njinga, ndigulitsa malata. Chitsulo chanucho sichingamugwirenso poizoniyo m'magazi?"

"Ababa, munthu si mgolo. Akalowa m'thupi amakhala zaka. Amatuluka pang'onopang'ono kwambiri."

"Nanga wam'mimbayo?" Linali tsiku loyamba Che Uladi kutchula mimbayo pamaso pa anthu.

Hidaya anayang'ana Shakila, n'kuyang'ana pansi. "Amadutsa n'kufika kwa mwana. Ngakhale mu mkaka wa m'mawere amapezekamo. Sindikunena kuti mwanayo afa, ayi, musandimve molakwa. Ena amabadwa bwinobwino. Ena amabadwa ochepa thupi, ena zimadzaoneka atakula. Palibe angakuuzeni lero. Chofunika pano tithamange naye kuchipatala, poti dzimbiri lokhalo lamupweteka kale m'mimba."

Anamukweza Shakila pa njinga yamoto ija, mayi ake atamukhalira kumbuyo kuti asagwe. Shakila sanayang'ane bambo ake. Che Uladi anatsatira pa njinga yawo yakapalasa, ndipo njira yonse ankangonena okha mawu aja, musatsekule, musakhudze, musatsekule, musakhudze. Tamvani kufupika kwake! Mawu oti mwana wa sitandade wani akanawanyamula kuchoka kusukulu mpaka kunyumba osagwetsa ngakhale limodzi.

Shakila anamugoneka m'chipatala. Anamuika magazi, kusanza kunaleka, koma sanamutulutse. Che Uladi analeka za usipa. Tsiku lililonse ankabwera ndi kabasiketi ka chakudya n'kukhala pa benchi ya panja pamodzi ndi amuna ena odikirira. A Mwanabibi ankatuluka, kulandira basiketiyo, kuyankha moni, n'kubwerera. Mkangano unatha pakati pawo, ndipo Che Uladi anayamba kuulakalaka. Kumudzi, a ku yunivesite anaitanitsa msonkhano wina, ulendo uno wa amayi, pamjigo penipeni, ndipo pa migolo yonse anaikapo maloko. Anthu ankati zakhala bwino. Zinakhaladi bwino, kwa ena.

Mwana anabadwa mwezi wake usanakwane, Lachisanu m'mawa. Anali wamwamuna, wochepa ngati kabotolo, koma analira. Anamwino anati amuyamwitse ndithu, poti mwana wochepa chotero popanda bere sangalimbe, ndipo ubwino wa mkakawo ukuposa kuipa kwake. Shakila anamva, anamuika kubere, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Dzuwa litakwera anawalola amuna kulowa. Che Uladi analowa pambuyo pa a Sulemani, atasamba m'manja ndi kumaso, atavala mkanjo wawo woyera. Kwa Asilamu, mwana akabadwa amamunong'oneza azana m'khutu lakumanja, mawu aja oitanira anthu ku mapemphero a Swala, kuti chinthu choyamba kumva padziko chikhale dzina la Mulungu. Ndi ntchito ya bambo wa mwana, ndipo bamboyo akakhala kutali, agogo aamuna ndiwo amaigwira. Sadik anali ataimba kale foni kuchokera ku Joni kuti apongozi ake amuimirire.

Anafika pambali pa bedi. Kamwanako kanali m'nsalu, kankhope kokwinyika, tizala tikungotambasuka. Mtima wa Che Uladi unasweka ndi chikondi ndi chisoni nthawi imodzi. Anatambasula manja.

Shakila anawayang'ana kwa nthawi yoyamba chichokereni kunyumba. M'maso mwake munalibe ukali. Anali maso a munthu wotopa.

"Ababa, tsiku lija munandiona ndi kapu pakhonde, munandiona kuti ndikuvutika kumeza?"

"Ndinakuona, mwana wanga."

"Ine ndinakuonaninso. Ndinkati mwina mubwera mundifunse ineyo."

Anakonza kansalu kumutu kwa mwanayo, n'kumunyamula mosamala kudutsa manja a bambo ake aja, ali chitambasulire, kulunjika kwa amalume ake, a Sulemani.

"Amjomba, tamulandirani. Muuzeni ndinu. Mawu a ababa amafika mochedwa."

A Sulemani anazengereza, n'kuyang'ana alamu awo. Che Uladi anagwedeza mutu kuti landirani. Anabweza manja awo, osadziwa poti awaike, ndipo anaima pomwepo mpaka azana yonse inatha, milomo yawo ikutsatira mawuwo popanda liwu.